Kuphatikiza nthambi, madandaulo a kukondera ndi oyang'anira osaphunzitsidwa: mlangizi angathandize pati?

Funso: Ndine mayi woyang'anira ofesi yoona za ogwira ntchito pa bungwe la anthu pafupifupi 200. Bodi yagamula kuti nthambi ziwiri ziphatikizidwe chaka chino. Pa nthawi yomweyi anthu akudandaula kuti okwezedwa amakhala a gulu limodzimodzi, amayi ndi ochepa m'maudindo, ndipo oyang'anira ambiri anakwezedwa osaphunzitsidwa kutsogolera anzawo. Tapatsidwa ndalama zolembera mlangizi wochokera kunja kwa bungwe, ndipo wina watiuza kuti wekishopu ya masiku atatu ithetsa zonsezi. Tiyambire pati, mlangiziyo timufunse zotani, ndipo tidzadziwa bwanji kuti zikuyenda?

Yankho: Mayi, wekishopu ya masiku atatu musaivomere ngati ndiyo ntchito yonse. Ndalama zidzapita, ndipo Lolemba lotsatira aliyense adzabwerera pa desiki yake n'kupitiriza monga kale. Mavuto atatu mwatchulawa amachokera pamodzi: mmene bungwe lanu limagamulira zokhudza anthu. Ndani amalembedwa ntchito, ndani amapatsidwa ntchito yovuta yoonetserapo luso, ndani amakwezedwa, ndani amauzidwa zinthu msanga ndipo ndani amangomva mphekesera. Kuphatikiza nthambi kudzakukakamizani kugamula zotere zambirimbiri m'miyezi yochepa. Zikagamulidwa mwa njira yakale, madandaulo a kukondera adzakula. Zikagamulidwa poyera, potsata ndondomeko yolembedwa, mudzakhala mutayamba kale kuthetsa vuto lachiwiri, ndipo oyang'anira adzaphunzira utsogoleri pa ntchito yeniyeni. Mlangizi mumufunire zimenezo.

Mlangizi asanafike

Ntchito yoyamba ndi yanu, ndipo siifuna ndalama. Tsegulani mafayilo a zaka zitatu kapena zisanu zapitazi. Pa giredi iliyonse lembani amuna angati, akazi angati, a misinkhu yanji, ndi anthu aulumali amene anadziulula okha. Kenako tsatirani njira yonse imene munthu amadutsa: angati anafunsira ntchito, angati anaitanidwa ku intavyu, angati anatengedwa, anakhala zaka zingati pa giredi imodzi asanakwezedwe, angati anasiya ndipo anasiya ali pati. Musaiwale ziwiri zimene kawirikawiri sizilembedwa paliponse: ndani anagwirizirapo udindo bwana atachokapo, ndiponso ndani anatumidwa kukaimira bungwe kapena kukaphunzira. Kukwezedwa kumayambira pamenepo, chifukwa tsiku la intavyu amene anagwirizira udindo miyezi isanu amakhala ndi zonena zimene mnzake alibe.

Ziwerengerozi zimaonetsa pamene anthu akutayikira. Tiyerekeze kuti pa ofunsira 100 a udindo wa manijala, 40 ndi amayi, koma pa oitanidwa ku intavyu mayi ndi mmodzi pa asanu alionse. Vuto lili pa osankha makalata. Ngati amayi ofunsira ndi 8 okha, vuto lili kumbuyo: mwina kalengezedwe ka ntchito, mwina zofunika zimene mumalemba, mwina amayiwo anaona kale kuti kufunsira n'kutaya nthawi. Ngati amakwezedwa bwinobwino koma amasiya pasanathe zaka ziwiri, kusintha intavyu sikudzathandiza kanthu. Fufuzani zimene amakumana nazo akafika pamwambapo. Za mtundu wa munthu, dera lochokera kapena chipembedzo, samalani. Musangoganizira poona mayina. Onani kaye zimene malamulo a dziko lanu amalola, ndipo mukafunsa antchito akhale ndi ufulu wokana kuyankha. Gulu la anthu osakwana asanu musalionetse palokha mu lipoti, poti aliyense adzadziwa amene akunenedwa.

Chachiwiri, mwini wa ntchitoyi ndani? Ngati mkulu wa bungwe akuiona ngati nkhani ya ofesi yanu, imani kaye. Ofesi yanu ilibe mphamvu zoletsa mkulu wa nthambi kusankha yekha omugwirizira, kapena zouza mabwana awiri kuti mmodzi yekha ndiye atsogolere nthambi yatsopano. Dzina la mkulu wa bungwe ndilo likhale pa mgwirizano ndi mlangizi, iye akhale wapampando wa komiti yoyendetsa kusinthaku, ndipo nkhani zowawa azilengeza yekha pamaso pa anthu. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Inu muziyendetsa za tsiku ndi tsiku, mutapatsidwa masiku osachepera awiri pa sabata, ntchito zina ena atakulandirani.

Kusankha mlangizi

Pa zinthu monga kukonza magiredi a malipiro kapena kuunika malamulo a ntchito, mukhoza kugula ukatswiri basi: mumanena chimene mukufuna, iye n'kukupangirani. Koma pa kuphatikiza nthambi ndi kuthetsa kukondera mukufunika mlangizi wa mtundu umene Edgar Schein wa ku yunivesite ya MIT ku America ankalimbikitsa, woyenda nanu kuti vutolo mulione ndi maso anu ndi kupeza njira nokha. Lipoti la mlendo, ngakhale likhale loona chotani, anthu amene sanatengepo mbali amalikana ndi mawu awiri okha: "sakutidziwa ameneyu."

Polemba zimene mukufuna, lembani zotsatira. "Achititse maphunziro anayi" mlangizi akhoza kukwaniritsa popanda chosintha. Koma mukalemba kuti pakutha pa miyezi 9 udindo uliwonse wa uyang'aniro uzidzazidwa potsata ndondomeko yolembedwa, ndipo woyang'anira aliyense azikumana ndi antchito ake mmodzimmodzi kawiri pa mwezi, muli ndi chinthu choti muwerenge. Itanani alangizi atatu, muwapatse ziwerengero zofanana, mumve mmene aliyense akuzimasulira. Wobwera ndi yankho asanafunse funso lililonse amapereka yankho lomwelo kulikonse. Afunseni kuti ndani kwenikweni azidzabwera ku ofesi kwanu, chifukwa makampani ena amatumiza mkulu pokopa kasitomala, ntchito ikayamba n'kutumiza ongoyamba kumene. Lankhulani ndi mabungwe awiri amene anawathandiza zaka ziwiri zapitazo, muwafunse kuti pa zimene mlangiziyo anayambitsa n'chiyani chikuchitikabe lero. Mufunseninso mwiniwake chimene adzachite akadzapeza kuti gwero la vuto ndi mkulu amene akumulipira. Wozemba funso limeneli adzazembanso nthawiyo ikadzafika. Ndipo wina akakuopsezani kuti ntchito 70 pa 100 zilizonse zosintha mabungwe zimalephera, dziwani kuti Mark Hughes ataifufuza nambala imeneyi mu 2011 sanapeze umboni wodalirika woichirikiza.

Mu mgwirizano, malipiro agawidwe magawo, lililonse lituluke ntchito yake ikaperekedwa, ndipo lomaliza lidikire kuunika kwa miyezi isanu ndi umodzi ntchito itatha. Zonena za antchito zisapite kwa mabwana ndi mayina. Mafomu, mafunso a intavyu ndi zophunzitsira zonse zikhale za bungwe. Anthu anu awiri kapena atatu azigwira naye kuyambira tsiku loyamba kuti akadzachoka luso litsale. Muikenso mpata woti mbali iliyonse ikhoza kusiya mgwirizanowo mlangizi akamaliza kafukufuku woyamba wa mmene zinthu zilili m'bungwemo.

Kafukufuku ameneyu atenge masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Pa anthu 200, kucheza ndi 25 kapena 30 mmodzimmodzi, mphindi 45 mpaka ola aliyense, n'kokwanira ngati asankhidwa m'magiredi onse, kuphatikizapo madalaivala, olandira alendo ndi ena amene safunsidwafunsidwa. Onjezani magulu angapo a anthu 6 mpaka 8, bwana wawo asakhalepo, ndiponso ena amene anasiya ntchito posachedwa, poti iwo alibe choopa. Mafunso abwino amafunsa zimene zinachitika: "Ulendo womaliza pamene udindo unatseguka m'nthambi mwanu, munamva liti, ndipo munamva kwa ndani?" Zopezeka zibwerere kwa onse pasanathe mwezi, zokoma ndi zowawa zomwe. Kufunsa anthu kenako n'kukhala chete kumawononga kuposa kusafunsa n'komwe.

Kuphatikiza nthambi

Anthu akamazengereza, mabwana ambiri amawonjezera makalata, malamulo ndi ziopsezo. Kurt Lewin, katswiri wa za khalidwe la anthu, anaona kale m'zaka za m'ma 1940 kuti kuchotsa zimene zikuletsa anthu kumapindula kuposa kuwakankha mwamphamvu. Lester Coch ndi John French anaziyesa pa fakitale yosoka zovala ya Harwood ku Virginia, ku America, n'kufalitsa zotsatira mu 1948. Gulu limene linangouzidwa za kagwiridwe katsopano linatsika pa ntchito, madandaulo anachuluka, ndipo 17 peresenti anasiya m'masiku 40 oyambirira. Magulu amene onse anatenga mbali pokonza kagwiridweko anabwerera msanga pa mlingo wakale n'kuupitirira. Anali magulu aang'ono, choncho manambalawo musawatenge ngati lamulo, koma mfundo yake ikukukhudzani.

Bodi yagamula kale, ndiye musanamizire kuti mukufunsa anthu ngati akufuna kapena ayi. Nenani poyera chimene chagamulidwa, chimene maganizo awo akhoza kusintha, ndi tsiku limene chotsala chilichonse chidzadziwike. Wantchito aliyense ali ndi mafunso ake mumtima, ndipo za masomphenya a bungwe sadzazimva asanayankhidwe: ntchito yanga ilipobe? Bwana wanga adzakhala ndani? Giredi ndi malipiro zisintha? Ndizidzachita chiyani chimene sindinkachita? Ngati ena adzachotsedwa, musalonjeze kuti palibe adzachoke. Onani msanga zimene malamulo a ntchito ndi mgwirizano wanu ndi bungwe la antchito zikunena pa zokambirana, nthawi ya chidziwitso ndi ndalama zoperekedwa pochotsa munthu. Kuchotsako kuchitike kamodzi, osati pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, chifukwa mantha otalika amathamangitsa poyamba aluso amene akhoza kupeza ntchito kwina.

Pokonza, yambani ndi ntchito, kenako maudindo, mayina pomaliza. Kagulu ka anthu 6 kapena 8 ochokera m'nthambi zonse ziwiri, makamaka amene amaigwira ntchitoyo ndi manja awo, kajambule njira zikuluzikulu zimene ntchito imadutsamo, kuyambira pamene pempho lalowa mpaka pamene latuluka, n'kuonetsa pamene pamachedwa ndi pamene anthu awiri akuchita chinthu chimodzi. Maudindo atsopano achokere pa chithunzi chimenechi. Cholakwika chofala n'kuyamba ndi mayina: "uyu sitingamutsitse, timupezere malo." Mapeto ake nthambi imakhala ndi achiwiri kwa mkulu atatu ndi nkhani zopanda mwini. Pa chigamulo chilichonse chachikulu, monga kuvomereza ndalama, tchuthi kapena kugawa ntchito, palembedwe udindo umodzi wokha wogamula. Ena akhoza kufunsidwa, koma wogamula akhale mmodzi.

Pafupifupi nthawi zonse nthambi imodzi imadziona kuti yamezedwa, ndipo zimaonekera pa tinthu: dzina la nthambi yatsopano, mafomu amene atsala, ofesi imene anthu asamukira, mkulu amene wasankhidwa. Zonsezi zikachokera mbali imodzi, inayo idzakhala yachilendo zaka zambiri. Musanyoze njira zakale pofuna kutamanda zatsopano. Amene anazipanga akadali pomwepo. Yembekezerani kuti ntchito itsike kwa miyezi ingapo, musasamutse anthu pa nyengo imene bungwe limatanganidwa kwambiri, ndipo muchepetseko zolinga za nthawiyo. Pa zolakwika zisanu ndi zitatu zimene John Kotter anatchula mu magazini ya Harvard Business Review mu 1995, ziwiri muzisamale kwambiri: kulankhula za kusinthako mochepa, ndi kulengeza chipambano nthawi isanakwane. Uthenga wa mkulu wa bungwe uzituluka masabata awiri alionse pa tsiku lodziwika, ngakhale ukhale wakuti palibe chatsopano. Oyang'anira aziuzidwa dzulo lake, chifukwa ndi amene anthu adzawafunse.

Za kukondera

Apa ndi pamene wekishopu imagulitsidwa kwambiri, komanso ndi pamene umboni sukuikomera. Alexandra Kalev, Frank Dobbin ndi Erin Kelly anaunika malo a ntchito 708 a ku America kuyambira 1971 mpaka 2002. Anapeza kuti maphunziro ofuna kusintha maganizo a mabwana anapindula pang'ono kwambiri pochulukitsa amayi ndi anthu akuda m'maudindo, pamene kupatsa munthu kapena komiti udindo woyankha pa nkhaniyi kunapindula koposa. Mu 2016 Dobbin ndi Kalev analembanso kuti patatha zaka zisanu makampani atakakamiza mamanijala kulowa maphunziro otere, gawo la amayi akuda m'maudindo linatsika ndi 9 peresenti. Munthu woitanidwa mokakamiza kukauzidwa kuti ali ndi tsankho amatuluka atakwiya.

Sikuti tsankholo kulibe. Marianne Bertrand ndi Sendhil Mullainathan anatumiza makalata opeka ofunsira ntchito pafupifupi 5,000 m'mizinda ya Boston ndi Chicago ku America, mayina akuikidwa mosasankha, ndipo mu 2004 anafalitsa kuti mayina odziwika ndi azungu anaitanidwa kochuluka ndi 50 peresenti kuposa odziwika ndi anthu akuda. Magulu osalidwa amasiyana dziko ndi dziko, koma kachitidwe kake n'kamodzi. Timakhulupirira msanga amene amalankhula ngati ife, anaphunzira kumene tinaphunzira, kapena timacheza naye tikaweruka, ndipo nthawi zambiri sitidziwa n'komwe kuti tikutero. Ndiye m'malo molimbana ndi mitima ya anthu, tsekani mipata imene kukonderako kumalowera.

Maudindo a nthambi yatsopano ndiwo poyambira. Uliwonse ulengezedwe kwa onse kwa masiku ogwira ntchito osachepera 10, ngakhale wogwirizira ngati upitirira mwezi. Musanaone dzina la wofunsira aliyense, gwirizanani zinthu 5 mpaka 7 zimene udindowo ukufuna, ndipo chotsani zimene zinangolowa mwachizolowezi. Ngati zaka khumi pa ntchito sizofunikiradi, zikungotsekereza achinyamata ndi amayi amene anapumirapo polera ana. Posankha makalata, anthu awiri achonge payekhapayekha, mayina ndi zithunzi zitabisidwa ngati n'kotheka. Pa intavyu onse afunsidwe mafunso ofanana, okhudza zimene munthu anachitapo: "Tiuzeni za nthawi imene munayenera kudzudzula mnzanu amene ntchito yake inatsika. Munanena chiyani, ndipo chinatsatira n'chiyani?" Funso lililonse likhale ndi malikisi 1 mpaka 5, ndipo mulemberetu mmene yankho la 1, la 3 ndi la 5 limamvekera. Wofunsa aliyense alembe malikisi ake asanakambirane ndi anzake, ndipo wamkulu pa onse alankhule pomaliza. Akayamba iye, ena amangovomera. Onjezani kantchito koyesera, monga kugawa ntchito ya sabata kwa anthu asanu mmodzi atadwala. Kafukufuku wa zaka zambiri akuonetsa kuti intavyu yokonzedwa chonchi imalosera kagwiridwe ka munthu bwino kuposa yongocheza. Amene sanapambane auzidwe pamaso chimene chinasowa ndi chimene angachite kuti ulendo wina adzakwanitse, ndipo mapepala onse asungidwe.

Komiti yoona nkhaniyi ikhale ndi akulu a nthambi, osati odandaula okha, ndipo miyezi itatu iliyonse izilandira ziwerengero zija nthambi ndi nthambi. Manijala wodziwa kuti adzafunsidwa chifukwa chimene anasankhira uje amasankha mosamala. Aphungu, kutanthauza akuluakulu olangiza ndi kukuza antchito apansi, nawonso aikidwe mwadongosolo, poti mukasiya kuti zichitike zokha akuluakulu amatola ofanana nawo. Mphungu asakhale bwana wa munthuyo, azikumana naye kamodzi pa mwezi kwa chaka, ndipo azimutchula dzina pamene mipata ikukambidwa, osangomupatsa malangizo. Musakhutire ndi mayi mmodzi pakati pa akuluakulu. Rosabeth Moss Kanter anafotokoza mu 1977 kuti gulu likakhala losapitirira 15 pa 100, anthu ake amaonedwa ngati oimira gulu lonse, ndipo mmodzi akalakwa amati onse ndi otero.

Ena adzaopa kuti tsopano anthu azikwezedwa chifukwa cha gulu lawo. Musawatenge ngati adani. Ayankheni ndi ndondomeko yomweyi: muyezo ndi umodzi, wolembedwa, ndipo aliyense akhoza kuona malikisi ake. Zolinga za manambala ziikeni pa ofunsira ndi oitanidwa ku intavyu. Kusungira gulu lina mipando kumaloledwa m'mayiko ena, kwina n'koletsedwa, choncho funsani loya.

Pakhale njira zodandaulira zosachepera ziwiri, ina yosadutsa kwa bwana wa munthuyo, ndi nthawi yolembedwa yoyankhira. Madandaulo akachuluka m'miyezi yoyamba musachite mantha. Amy Edmondson atafufuza magulu a m'zipatala anapeza kuti otsogoleredwa bwino ndiwo ankalemba zolakwika zambiri, chifukwa anthu ake sankaopa kuulula. Choopsa ndi wodandaula kubwezeredwa, ndiye tsatirani kwa chaka zimene zikumuchitikira pa tchuthi, pa kuunikidwa ndi pa kusamutsidwa. Kwa aulumali, funsani mwiniwake chimene chingamuthandize, kaya khomo lofikirika, pulogalamu yowerenga zolemba pa kompyuta kapena kusintha maola.

Oyang'anira

Laurence Peter analemba mu 1969 kuti anthu amakwezedwa chifukwa chochita bwino ntchito imene ali nayo, mpaka kufika pa udindo umene sangauthe. Mu 2019 Alan Benson, Danielle Li ndi Kelly Shue anaonetsa ndi ziwerengero za ogulitsa malonda kuti makampani amakweza amene amagulitsa kwambiri, ngakhale kuti kawirikawiri iwo amadzakhala mamanijala ofooka. Konzani njira yachiwiri yokwerera, yoti katswiri alandire giredi ndi malipiro apamwamba popanda kuyang'anira anthu. Ena mwa oyang'anira anu adzaisankha ndi mtima wonse.

Kwa otsalawo, yambani ndi apansi, amene amakhala ndi antchito tsiku lililonse. Musawadzaze nthano za mitundu ya utsogoleri. Aphunzire zochita zisanu: kukumana ndi wantchito aliyense mphindi 30 masabata awiri alionse, wantchitoyo ndiye abweretse nkhani, kupereka ntchito momveka, ponena chofunika, tsiku lake ndi malire a zimene munthu angagamule yekha, kudzudzula ndi kuyamikira, kuyendetsa msonkhano wotha ndi mayina ndi masiku, ndi kuweruza mkangano potsata malamulo a bungwe. Kudzudzula kukufuna chisamaliro chapadera. Avraham Kluger ndi Angelo DeNisi, ataphatikiza kafukufuku wambiri mu 1996, anapeza kuti koposa gawo limodzi mwa magawo atatu a nthawi zimene anthu anauzidwa za kagwiridwe kawo, ntchito inatsika m'malo mokwera. Zimaipa makamaka mawu akakhudza munthuyo m'malo mwa ntchito. "Ndinu waulesi" amatseka makutu. "Lipoti la Lachisanu linafika Lachiwiri, ndipo a zachuma analephera kulipira pa nthawi yake; chinachitika n'chiyani?" amapatsa munthu poyambira kuyankha.

Masiku atatu aja muwagawe: theka la tsiku kamodzi pa mwezi kwa miyezi isanu ndi umodzi ndi masiku atatu omwewo. Gulu lisapitirire anthu 15, ochokera m'nthambi zonse ziwiri. Nthawi yambiri ikhale yoyeserera awiriawiri ndi nkhani zenizeni, ndipo aliyense atuluke ndi chinthu chimodzi chokachita, chimene adzafotokoze mwezi wotsatira. Bwana wa wophunzira aliyense akhale naye mphindi 15 phunziro lisanachitike ndiponso litatha. Gawo limeneli ndilo limasiyidwa kawirikawiri, ndipo likasiyidwa woyang'anira amabwerera kwa bwana wochita zosiyana ndi zimene waphunzira, n'kutsatira bwanayo. Pa chifukwa chomwecho akuluakulu achite okha zisanu zija kuyambira mwezi woyamba.

Koma utsogoleri wambiri umaphunziridwa pa ntchito yovuta, ndipo kuphatikiza nthambi kuli nazo zochuluka: kugwirizanitsa mafomu, kusamutsa zosungidwa mu kompyuta, kufotokozera makasitomala zosinthazo. Zigaweni mwadala kwa anthu amene sanapatsidwepo mpata, aliyense ndi mphungu wake, ndipo mulembe amene walandira chiyani. Udindo wotsatira ukadzatseguka, mayi amene anatsogolera kusamutsa mafayilo a nthambi ziwiri adzakhala ndi zonena pa intavyu. Zoti woyang'anira aunikidwe ndi antchito ake, anzake ndi bwana wake nthawi imodzi, dikirani chaka chachiwiri, ndipo musazilumikize ku malipiro. Pamene anthu akuopa kuchotsedwa, mayankho amakhala a mantha kapena obwezera.

Kudziwa ngati zikuyenda

Mafomu a kumapeto kwa maphunziro amangoyeza ngati anthu anakondwa, ndipo mlangizi wodziwa kusangalatsa amapeza malikisi onse. Inu yezani khalidwe pa ntchito ndi zotsatira zake, mutatenga muyezo woyambira ntchito isanayambe. Miyezi itatu iliyonse funsani antchito mafunso 8 kapena 10 osasintha, osalemba mayina: mwakumana ndi woyang'anira wanu panokha mwezi uno? Mukudziwa amene amagamula za ntchito yanu? Mukhoza kunena cholakwika osaopa? Pambali pake werengani maudindo odzazidwa potsata ndondomeko, kagawidwe ka ogwirizira, osiya ntchito m'magulu awo, masiku ojomba, ndi muyezo umodzi wa ntchito yeniyeni ya nthambiyo, monga masiku amene pempho la kasitomala limatenga. Ngati pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi misonkhano ya mmodzimmodzi ija sikuchitika, bwererani kwa mabwana a oyang'anirawo musanawonjezere maphunziro. Chiwerengero cha amayi m'maudindo chimayenda pang'onopang'ono chifukwa chimadikira mipando kutseguka, ndipo pa bungwe la anthu 200 imatseguka yochepa pa chaka. Uzani bodi panopa kuti iyembekezere zaka zitatu kapena kuposerapo.

Tsiku lina mmodzi wa akuluakulu adzafuna kuika munthu wake pa udindo osalengeza, ponena kuti nthawi yachepa. Zimachitika kawirikawiri pakati pa kusamuka, aliyense atatopa, ndipo antchito onse amakhala akuonerera. Konzekeranitu mitima idakali m'malo. Komiti ivomereze molemba kuti udindo wofulumira ukhoza kugwiriziridwa miyezi itatu yokha, kuti wogwirizira asankhidwe pakati pa onse amene aonetsa chidwi, kuti kupatuka kulikonse pa ndondomeko kuvomerezedwe ndi mkulu wa bungwe atalemba chifukwa chake, ndiponso kuti mndandanda wa zopatukazo uzipita ku bodi pamodzi ndi ziwerengero za miyezi itatu iliyonse.